Eagle ya ku Chipata: Mbiri ya Luangwa Industries ndi Njinga Zake

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo thonje likayamba kukwera pa sikelo, msewu wa Great East Road pakati pa Sinda ndi Katete umasanduka wa anthu a njinga. Mabasi a ku Lusaka ndi malole okhotera ku Chanida amadutsa pakati ndi liwiro lawo, koma m'mbali monsemo ndi mdipiti wa opalasa. Uyu wamanga matumba awiri a mtedza pa keliyala, uyo wagoneka mbuzi yomangidwa miyendo, winayo wakweza mayi wobereka mwana kumsana, ulendo wa ku chipatala cha St Francis. Wofuna kudziwa kwawo kwa njingazi amayang'ana kachitsulo ka kutsogolo kwa felemu, m'munsi mwa mahandulo. Zambiri zili ndi mayina a ku India ndi ku China. Zina ndi zolemera zotchedwa Buffalo. Koma apo ndi apo pamatulukira njinga yofwifwa utoto, yopalasidwa ndi mkulu wa imvi zake, imene mwiniwake amakuuza usanafunse n'komwe kuti ndi Eagle, ya pa Chipata pomwepa.

Eagle inkatuluka ku Luangwa Industries Limited, fakitale ya boma imene inamangidwa ku Chipata m'nthawi ya Kenneth Kaunda. Kwa akuluakulu a ku Lusaka inali imodzi chabe mwa makampani ambirimbiri a pansi pa bungwe la boma loyang'anira mafakitale, INDECO. Kwa anthu a ku Katete, ndi a madera amene lero ndi maboma a Sinda ndi Vubwi, inali nkhani ina. Chinthu chimene azigogo awo ankachikhetsera thukuta zaka zambiri ku Halale ndi ku Joni tsopano chinkatuluka pa geti la fakitale ya kwawo.

Njinga inafika kum'mawa kuno kalekale fakitaleyo isanaganiziridwe. Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba ntchito ku Magwero mu 1899 ndipo kenaka anatsegula Nyanje, ankayendera nayo masukulu a m'midzi, chimodzimodzinso ansembe a Katolika ndi azungu a pa boma. Koma amene anaidzaza m'midzi ndi anyamata opita kukasaka ndalama ya msonkho. Ankayenda wapansi kupita ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ena ku migodi ya golide ku South Africa, ndipo pambuyo pake ku Migodi ya kopa kuno kwathu. Wobwerera ndi sutikesi yokha ankalandiridwa bwino ndithu, koma wobwerera akukankha njinga yonyezimira mudzi wonse unkatuluka. Otsala kumudzi ankasunga ndalama ya fodya ndi mtedza kuti akagule yawo m'masitolo a amwenye ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata. Boma la atsamunda, losaphonya pamene pali khobidi, linaika msonkho wakewake pa njinga.

Mayina a nthawi imeneyo anali a ku England okhaokha: Raleigh, Humber, Rudge, Hercules, Phillips. Amuna ankatsutsana pa mowa kuti yolimba ndi iti, wa Humber osafuna kumva za Raleigh. Chimene ambiri sankachidziwa n'chakuti Raleigh ya ku Nottingham inali itagula kale dzina la njinga za Humber mu 1932 ndi la Rudge mu 1943, ndipo mu 1960 Raleigh yomweyo inalowa m'manja mwa Tube Investments, eni ake a Hercules ndi Phillips. Pofika chaka cha ufulu, 1964, mkangano wonse uja unali wa njinga za mwini mmodzi, zosiyana kachitsulo ka kutsogolo ndi tina n'tina tochepa. Malonda ogulitsana mayina a njinga sanayambe lero.

Ufulu unabwera ndi vuto la njira. Katundu wambiri wa m'masitolo a Zambia ankadzera kumwera, ndipo Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu ku Southern Rhodesia mu Novembala 1965, njira imeneyo inayamba kuvuta mpaka malire anatsekedwa mu Januwale 1973. Kaunda anayankha ndi mfundo yoti dziko lizidzipangira lokha zimene limagula kunja. Ku Mulungushi mu Epulo 1968 analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani akuluakulu oposa 20, ndipo bungwe la Industrial Development Corporation, limene aliyense ankangoti INDECO, linakula mwadzidzidzi n'kukhala mwini wa pafupifupi chilichonse chotuluka m'fakitale.

INDECO sinaunjike mafakitale ake mphepete mwa njanji mokha. Panali cholinga choti chigawo chilichonse chikhale ndi chake choloza. Ku Mansa kunapita mabatire, ku Kawambwa tiyi, ku Mwinilunga fakitale yoika zinanazi m'zitini, ku Kapiri Mposhi mabotolo, ku Livingstone kulumikiza galimoto za Fiat, ku Kafue nsalu ndi feteleza. Chipata inalandira njinga.

Pa zosankha zonsezo, chimenechi chinali chimodzi mwa zomveka kwambiri. Dera lochokera ku Petauke kudutsa Sinda ndi Katete mpaka Chipata ndi Lundazi n'lathyathyathya m'malo ambiri, midzi ndi yoyandikana, anthu ndi alimi ogulitsa mbewu, ndipo sitima kunalibe: njanji yochokera ku Mchinji inafika ku Chipata mu 2010. Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 550, kutsidya kwa mlatho wa Luangwa ndi mapiri ake. Mabasi a UBZ ankayenda mu msewu waukulu, koma kuchoka pa msewupo kulowa kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo, munthu anali ndi miyendo yake, ngolo ya ng'ombe kapena njinga. Msika unali pakhomo penipeni pa fakitale. Dzina nalo linasankhidwa mwanzeru, pakuti nkhwazi ili pa mbendera ya dziko, ndipo kugula Eagle kunkamveka ngati kugula chinthu cha Zambia.

Njingayo payokha sinali yachilendo. Inatsata kapangidwe kakale ka ku England komwe kaja: matayala a mainchi 28, giya imodzi, mabuleki a zitsulo m'malo mwa waya, chishalo cha masipuling'i, madigadi kutsogolo ndi kumbuyo. Wina angati pamenepa panalibe luso latsopano, ndipo sakunama. Koma m'menemo ndi mmene munali mphamvu yake. Wokonza njinga wa ku Sinda amene anaphunzirira ntchito pa Humber ya atate ake sanafunike kuphunzira kachiwiri. Kotapini wa njinga ina ankalowa, tcheni chinkalowa, tayala linkalowa. Eagle inabadwira m'banja lalikulu la njinga zofanana miyeso, limene mbali ina linali ku Nottingham ndi Birmingham, mbali ina ku Ludhiana ndi Sonepat m'dziko la India, ndi ku Shanghai ndi Tianjin ku China.

Ogula ake anali odziwika. Mphunzitsi wa pulaimale, mlangizi wa zaulimi, mlaliki wa mipingo isanu ya m'midzi, kapitawo wa pa msewu, mesenjala wa khoti la mfumu. Koposa onsewa anali mlimi. Ndalama ya chimanga chogulitsidwa ku Namboard ndi ku makopaletivi, ya mtedza wa Chalimbana, ya thonje la Lintco, ikangofika m'manja, malata ndi njinga ndizo zinkakhala patsogolo, wailesi pambuyo. Ndipo njinga ikalowa pakhomo inkasiya kukhala ya munthu mmodzi. Inkapita kuchigayo, inkapita kukanena maliro kumudzi wachitatu, inkanyamula wodwala usiku kupita ku St Francis, chipatala chimene chakhala pa Katete kuyambira 1948, kapena ku Nyanje. Kumapeto kwa Ogasiti inkapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba itanyamula ufa, nkhuku ndi mphasa. Mwini njinga wokaniza anzake pa nthawi ya matenda ankadziwika mudzi wonse, ndipo mbiri yotero sinkafufutika msanga.

Chofooka cha Luangwa Industries chinali chomwe chija cha mafakitale anzake a INDECO. Njinga ili ndi tizigawo mazanamazana, ndipo tambiri mwa timeneti tinkachokera kunja. Zambia inali ndi kopa wambiri koma inalibe fakitale ya mapaipi a felemu, ya tcheni kapena ya timipira tachitsulo ta mu habu. Zonsezi zinkafuna ndalama zakunja, ndipo ndalama zakunja zinkadalira kopa yemweyo. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, mafuta atakwera kale mu 1973, makampani a boma anayamba kuima pa mzere ku Bank of Zambia kudikira gawo lawo la madola. Mu Okutobala 1985 boma linayamba kugulitsa ndalama zakunja pa okushoni ya sabata ndi sabata, ndipo kwacha inatsika mochititsa mantha. Fakitale yodalira zipangizo zoitanitsa imavutika pawiri pa nthawi yotere: zipangizo zimachedwa, ndipo zikafika, mtengo wa njinga umathawa thumba la mlimi amene akuyenera kuigula. Anthu a zaka zimenezo amakumbukira mizere ya sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Tayala ndi chubu nazo zinkasowa, moti ena ankaphatika udzu ndi nsanza m'tayala kuti njinga iziyendabe.

Chimene chinkaiteteza fakitale chinali mpanda wa malamulo. Kuitanitsa njinga zakunja kunkafuna chilolezo ndi madola, zinthu ziwiri zosapezeka wamba. Mpandawo unagwa Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD atapambana chisankho cha Okutobala 1991. Mu 1992 kunabwera lamulo logulitsa makampani a boma ndi bungwe loyendetsa ntchitoyo, Zambia Privatisation Agency. Misonkho ya pa malire inatsitsidwa, madola anayamba kugulidwa poyera, ndipo wamalonda aliyense wokhala ndi ndalama akanatha kuitanitsa kontena ya njinga zosalumikiza kuchokera ku India kapena ku China, n'kulemba anyamata awiri ozimanga kuseri kwa sitolo.

Luangwa Industries inagulidwa ndi Tata Zambia, nthambi ya kampani yaikulu ya ku India imene inali m'dzikoli kuyambira 1977, yomwenso inatenga hotela ya Pamodzi ku Lusaka. Poyerekeza ndi mafakitale ena a INDECO amene anangotsekedwa makina n'kuchita dzimbiri, apa panaoneka ngati pagwa mwayi: mwini watsopano anali wochokera kudziko limene limadziwa njinga. Eagle inapitiriza kugulitsidwa kwa kanthawi. Koma masamu ake sanasinthe. Hero ya ku Ludhiana, imene abale a banja la Munjal anaiyambitsa mu 1956, inkatulutsa njinga mamiliyoni pa chaka, pafupi ndi mafakitale mazana opanga sipoko, belu ndi pedulo mumzinda womwewo. Fakitale ya ku Chipata inkayenera kukoka zipangizo zake kudutsa nyanja ndi mayiko, kulipira antchito okhazikika ndi magetsi, kenaka kupikisana pa mtengo ndi sitolo yoyandikana nayo. M'kupita kwa zaka makina anazima, ndipo Chipata inatsala ndi mbiri yoti ndi mzinda wa njinga wopanda fakitale ya njinga.

Chodabwitsa n'chakuti njinga sizinachepe. Zinachuluka kuposa kale. Kampani ya thonje ya Lintco itagulitsidwa kwa Lonrho ndi Clark Cotton mu 1994, kenaka Dunavant n'kudzakhala ndi jinale yake pa Katete, alimi ambiri analowa mu ulimi wa ngongole ya mbewu ndi mankhwala, ndipo ndalama ya thonje inkathera pa njinga zotchipa za m'masitolo. Achinyamata osowa ntchito anaika khushoni pa keliyala n'kuyamba kunyamula anthu, ntchito imene a ku Malawi amaitcha kabaza, ndipo pa Katete ndi pa Chipata inakula mpaka kukhala ndi masiteji akeake. Kutchipako kunali ndi mtengo wake wobisika. Njinga zina zatsopano zinkafika ndi masipoko ofewa ndi mapedulo othyoka mwezi usanathe, moti wogula wanzeru ankachoka pa sitolo n'kulunjika kwa wokonza, njinga isanalawe n'komwe fumbi la kumudzi.

Kwa okonzawo ndi kumene Eagle yakhala ikukhala chitsekereni fakitale. Pafupi ndi msika uliwonse, pa Katete Stores, pa Sinda, pa Vubwi, pali mthunzi wa mtengo kapena kashedi ka malata akale pamene njinga zimagonekedwa chagada, chishalo ndi mahandulo pansi, matayala m'mwamba. Pambali pali beseni la madzi akuda. Chubu chimapopedwa n'kumizidwa pang'onopang'ono mpaka thovu litaonetsa pobooka; pamenepo amapala ndi kachitsulo, kupaka guluu, kudikira kuti aume pang'ono, n'kumata chigamba chodulidwa ku chubu china chakale. Limu yopindika amaiwongola ndi kasipanala ka masipoko, diso limodzi chotsinzina, akuzunguza tayala ndi chala. Kotapini wotha amamukhoma ndi hamala mpaka atuluke. Tayala long'ambika m'mbali amalisoka ndi ulusi wosolola m'tayala la galimoto. Wonyamula makala amapempha masipoko okhuthala ndi keliyala yowotcherera ya zitsulo zomangira nyumba, ndipo chubu chimene chakana zigamba chimadulidwa malegeni omangira katundu. Palibe chotayidwa.

Eagle yodutsa m'manja otere kwa zaka 30 imatsala ndi felemu yokha ya ku Chipata, nthawi zina nayonso yowotcherera pakhosi. Malimu ndi a ku India, tcheni cha ku China, chishalo chochotsedwa pa njinga ina. Ili ngati khasu la agogo limene lasinthidwa mpini kanayi koma pakhomo likutchedwabe la agogo. Mwini wake saona chovuta pamenepo, ndipo akunena zoona: chimene anagula ndi felemu yosathyoka ndi miyeso imene sitolo iliyonse ili ndi zipangizo zake.

Nkhani ya miyeso ndi imenenso imafotokoza chifukwa chake njinga za ku France, zotchuka chotere pa dziko lonse, sizinamere mizu kuno. France inali ndi mafakitale akuluakulu. Peugeot inayamba kupanga njinga mu 1882, isanapange galimoto. Mzinda wa Saint-Étienne unali likulu la ntchitoyi, kwawo kwa Mercier, imene inayamba mu 1919 ndipo inatchuka ndi Raymond Poulidor, katswiri wokondedwa amene sanapambanepo Tour de France. Pa Gitane panakwera Jacques Anquetil, Bernard Hinault ndi Laurent Fignon. Koma malonda a nthawi ya atsamunda ankatsata mbendera, choncho Peugeot inapita ku West Africa, kumene ku Bobo-Dioulasso m'dziko la Burkina Faso kunali fakitale yolumikiza njinga zake, pamene kuno kunabwera Raleigh. Kuwonjezera apo, Afalansa anali ndi miyeso yawoyawo ya mazinga a zomangira ndi kukula kwa mapaipi. Peugeot yakale ikasochera n'kufika pa Katete pakati pa njinga za salaula, imayenda bwino mpaka tsiku limene chitsulo cha pakati pa mapedulo chidzathe. Tsiku limenelo wokonza amayesa cha m'sitolo, chimakana kulowa, ndipo njinga yokongola ija imakapachikidwa kudenga.

Mafakitale a ku France nawo anakumana ndi zimene zinagwera Chipata, kungoti iwo zinayamba kuwagwera msanga. Njinga za ku Japan ndi ku Taiwan zitalowa pa msika, Motobécane inagwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo zotsala zake zinasanduka MBK pansi pa Yamaha. Dzina la Motobecane likugulitsabe njinga ku America, koma ndi njinga zopangidwa ku Asia, zogulitsidwa pa intaneti ndi kampani yosakhudzana ndi fakitale yakale ija. Mayina a Peugeot ndi Gitane anakhala zaka zambiri m'manja mwa gulu la Cycleurope. Ku England nakonso, Raleigh inasiya kupanga njinga ku Nottingham mu 2002, ndipo mu 2012 inagulidwa ndi Accell ya ku Netherlands. Ngakhale India sinapulumuke yonse: Atlas, imene inayamba mu 1951 ndipo dzina lake lili pa njinga zambiri za kum'mawa kuno, inaimitsa fakitale yake ya ku Sahibabad pa 3 Juni 2020, tsiku lomwe dziko lonse limakumbukira njinga.

Ku Ulaya mayina akalewa ali ndi msika chifukwa kuli anthu ogula chikumbutso. Ku Gaiole in Chianti m'dziko la Italy, kuyambira 1997, kumachitika L'Eroica, ulendo wa m'misewu yafumbi umene umalola njinga za kapangidwe ka 1987 kubwerera m'mbuyo. Ku Saumur m'dziko la France kuli Anjou Vélo Vintage, kumene anthu zikwizikwi amavala zovala zakale n'kupalasa njinga za makolo awo. Mercier ya pinki ya nthawi ya Poulidor, ikakhala ndi zipangizo zake zoyambirira, imagulidwa ndalama zambiri kuposa njinga yatsopano yabwinobwino. Kumeneko kusintha chishalo kumatsitsa mtengo. Pa Sinda kusintha chishalo kumaukweza.

Koma ngakhale kumene chikumbutso chili ndi ogula, kudzutsa dzina n'kosavuta kusiyana ndi kudzutsa fakitale. Kuchiyambi kwa 2021 kunalengezedwa kuti Mercier ibwerera kukapangidwira ku France, m'tauni ya Revin ku Ardennes, dera limene linataya mafakitale ake, ndipo kunalonjezedwa ntchito zoposa 200. Anthu a m'tauniyo anasangalala. Pofika Julayi chaka chomwecho boma la France linabweza thandizo lake ndipo nkhani inathera pomwepo, njinga ngakhale imodzi isanatuluke.

Malo amene Eagle inasiya, a njinga imene munthu amaigula podziwa kuti ikhalitsa, anatengedwa ndi dzina latsopano. Bungwe la World Bicycle Relief linayambitsidwa mu 2005 ndi F.K. Day, mmodzi wa eni kampani ya zipangizo za njinga ya SRAM ku Chicago, pamodzi ndi Leah Missbach Day, pofuna kuthandiza anthu a ku Sri Lanka pambuyo pa tsunami ya mu Disembala 2004. Ntchito yawo yachiwiri inali ku Zambia, kumene anapereka njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala Edzi m'midzi, kudzera mu ndondomeko ya RAPIDS yotsogoleredwa ndi World Vision. Ataona mmene njinga za pa msika zinkathyokera, anayamba kukonza yawoyawo, ndipo inatuluka Buffalo: yolemera makilogalamu oposa 20, buleki yopondera m'mbuyo, keliyala yoyesedwa kunyamula makilogalamu 100. Kenaka anatembenukira kwa ana a sukulu, makamaka atsikana. Kafukufuku wa Innovations for Poverty Action m'masukulu 100 a ku Southern Province anapeza kuti atsikana olandira njinga anachepetsa kuchedwa ndi 66 peresenti ndipo kujomba kunatsika ndi 28 peresenti.

Wodziwa mbiri ya Luangwa Industries akayang'ana Buffalo amaona zofanana zambiri. Zipangizo zimapangidwa ku Asia, kulumikiza kumachitikira ku Lusaka. Kusiyana kuli pawiri. Buffalo ili ndi mabungwe ogula njinga zambirimbiri nthawi imodzi ndi ndalama za opereka thandizo. Ndiponso eni ake anaika mtima pa zimene zimachitika njinga ikagulidwa: amaphunzitsa okonza m'midzi momwemo ndipo anatsegula masitolo a zipangizo m'matauni. Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa njinga wamba ya m'sitolo, ndipo alimi ambiri amaisirira chabe, koma amene ali nayo saigulitsa mwachisawawa. Ku Lusaka komweko Zambikes, imene inayamba mu 2007, inayesa njira ina, ya mafelemu a nsungwi ogulitsa kunja ndi kangolo konyamulira odwala kokokedwa ndi njinga.

Zinthu zasinthanso m'zaka zaposachedwa. Great East Road itakonzedwa kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami, ndi ndalama zimene zina zinachokera ku European Union ndi ku bungwe la chitukuko la France, opalasa anapeza malo otakasuka m'mbali mwa tala. Koma nthawi yomweyo kunasefukira njinga zamoto zotchipa. Mnyamata wa kabaza akasunga ndalama lero saganiza za njinga yachiwiri, amaganiza za njinga yamoto ya Boxer. Ku Vubwi, boma limene Michael Sata analipatula ku Chadiza mu 2012, chaka chomwe Sinda inapatulidwa ku Katete ndi Petauke, kuli zitunda ndi mitsinje yovuta nthawi ya dzinja, ndipo wokhala ndi ndalama ya soya kapena fodya amasankha injini. Njinga yakapalasa yatsalira ana a sukulu, amayi a geni, ogulitsa makala ndi nkhuni, ndi aliyense amene mtengo wa petulo umamuluma. Amenewa ndi ochuluka kwambiri, koma ndi omwenso amawerenga ngwee iliyonse asanagule.

Mawu oti fakitale ya njinga ya ku Chipata idzutsidwe amamveka kawirikawiri, makamaka chisankho chikayandikira, ndipo amakoma m'makutu a aliyense amene anakwerapo Eagle ya atate ake. Kusindikiza dzinalo pa njinga zoitanitsa, monga zinachitikira Motobecane, kungatheke chaka chimodzi chisanathe, ndipo achikulire ena angagule. Koma mlimi wa kwa Kathumba sagula chikumbutso; akaona kuti masipoko ndi omwe aja ofewa, nkhani idzafika pa msika wa Katete sabata lomwelo. Kupanga njinga yolimbadi kumafuna felemu yabwino, zipangizo zopezeka pa Sinda ndi pa Vubwi pomwe, ndi wogula wamkulu wokhazikika, monga unduna wa zaumoyo kapena wa maphunziro, woti fakitale iziyendera pa iye miyezi imene alimi alibe ndalama.

Boma linadzutsanso Industrial Development Corporation mu 2014, ndipo ena mwa mayina a nthawi ya Kaunda abwereradi. Tiyi wa ku Kawambwa akukololedwanso, ndipo ku Mwinilunga kunatsegulidwa fakitale yatsopano ya zipatso ya Kalene Hills mu 2022. Kum'mawa kuno bungweli linasankha kumanga Eastern Tropical Fruits pa Katete, fakitale ya zipatso, osati ya njinga. Mango amapsa n'kuwolera pansi m'midzi ya Katete momwemo chaka chilichonse, pamene mapaipi a felemu, tcheni ndi habu ziyenera kuitanitsidwabe ndi madola kudzera ku Nacala, Beira kapena Dar es Salaam.